Mafunso ndi Mayankho: Kutchera Khutu ku Mapiri Ophulika a Pansi pa Nyanja

Phiri likamafuna kuphulika pamtunda, anthu okhala m'tsinde mwake amaona utsi, amamva fungo la sufule, ndipo nthawi zambiri pamakhala mpata wosamutsa ana ndi ziweto. Koma mapiri ophulika ochuluka padziko lino sali pamtunda ayi. Ali pansi pa nyanja zamchere, mumdima wa ndiweyani, ndipo ambiri amalavula chiphalaphala n'kuleka popanda munthu ndi mmodzi yemwe wodziwa. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza ntchito yowalondalonda mapiri amenewa.

Moto ungayake bwanji m'madzi?

Si moto wa nkhuni umene umazima ukathiridwa madzi. Ndi miyala imene yasungunuka ndi kutentha kwa m'kati mwa dziko, imene akatswiri amaitcha magma, ndipo imatuluka ikutentha kupitirira madigiri 1,000. Madzi a pansi pa nyanja ndi ozizira zedi, choncho chiphalaphala chikangotuluka chimachita chikhungu kunja, monga mmene limachitira phala mukalisiya m'mbale, m'kati mukadali motentha. Chikhungucho chimang'ambika, phala lina n'kutumphukira panja, n'kuumanso. Mapeto ake pansi pa nyanja pamadzaza miyala yobulungira yooneka ngati mapilo ounjikana.

Zambiri mwa izi zimachitikira pa mtandadza wa mapiri umene unazungulira dziko lonse pansi pa nyanja, wotalika makilomita pafupifupi 65,000, pamene zigawo za nthaka zikutalikirana pang'onopang'ono. Magawo atatu mwa anayi a chiphalaphala chonse chimene dziko limatulutsa amatulukira m'madzi.

Ukali wa kuphulika umadalira kwambiri kuya kwa madzi. Kozama kwambiri, madzi amapanikiza mpweya ndi nthunzi moti chiphalaphala chimangoyenderera mwakachetechete. Phiri limene nsonga yake ili pafupi ndi pamwamba pa madzi ndiye loopsa, chifukwa madzi akakumana ndi magma amasanduka nthunzi m'kanthawi kochepa, ndipo palibe chokwanira kuitsekereza.

Nanga zivomezi zikubwera pati pankhaniyi?

Magma akamakwera sapeza njira yolambula kale. Amadziboolera okha, kuswa miyala, ndipo kusweka kulikonse ndi kachivomezi. Tizivomezi timeneti timabwera mwaunyinji, mazanamazana kapena zikwizikwi pa masiku ochepa, ndipo tambiri ndi tating'ono moti munthu sangatimve. Akatswiri akamalemba pamapu malo ndi kuya kwa kalikonse, amaona njira imene magma akudzera: ngati tizivomezito tikusendera kumtunda tsiku ndi tsiku, ndiye kuti chinthu chikubwera. Palinso kunjenjemera kwina kosalekeza, kokhala ngati kulira kwa chigayo chakutali, kumene kumachitika magma kapena mpweya ukamayenda m'ming'alu.

M'chaka cha 1996, phiri la m'madzi la kufupi ndi Hawaii, limene kale linkatchedwa Lōʻihi koma tsopano ndi Kamaʻehuakanaloa, linachita zivomezi zoposa 4,000 m'milungu yochepa. Akatswiri atatsikako ndi kasitima koyenda pansi pa madzi anapeza mbali ina ya nsonga yake itatitimira n'kusanduka chidzenje.

Komabe si mtambo uliwonse umene umagwetsa mvula. Kumayambiriro kwa 2025 zivomezi zambirimbiri zinagwedeza nyanja ya pakati pa zilumba za Santorini ndi Amorgos ku Greece, kufupi ndi phiri la m'madzi la Kolumbo limene linapha anthu mu 1650. Anthu zikwizikwi anasamuka pa Santorini, sukulu zinatsekedwa, kenako zivomezizo zinazilala popanda kuphulika kulikonse.

Makina oyezera zivomezi amawaika bwanji pansi pa nyanja?

Amachita kuwaponya kuchokera m'sitima. Makina otchedwa seismometer amatsekeredwa m'chigubu cholimba cha galasi lochindikala kapena chitsulo, pamodzi ndi mabatire, wotchi yolondola kwambiri ndi posungira zimene ajambula. Kunsi kwake amamangirira cholemera. Amalinyero amakweza zonsezi ndi chingwe, n'kuzisiya m'madzi, ndipo zimamira zokha mpaka kukakhala pamatope, mwina makilomita atatu kapena anayi pansi. Sitima imalemba malowo n'kumapita.

Pakatha miyezi ingapo, kapena chaka, sitima ija imabwerera n'kutumiza mawu apadera kudzera m'madzi. Makinawo akamva mawu akeake amamasula cholemera chija n'kuyamba kuyandama. Anthu amakhala ali m'mphepete mwa sitima, maso ali pamadzi, kudikira kambendera kapena kanyali kakuthwanima. Makina ena sabwerera. Batire likatha msanga, kapena chiphalaphala chikawakwirira, ntchito ya chaka chonse imatsalira komweko.

Vuto lalikulu la njira imeneyi n'loonekeratu: nkhani imafika mochedwa. Mumadziwa lero zimene phiri linachita miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Pa maphunziro n'zothandiza kwambiri, koma pochenjeza mudzi wa asodzi sizingathandize.

Bwanji osangogwiritsa ntchito makina a pamtunda kapena masetilaiti?

Amagwiritsidwa ntchito, koma ali ndi polekezera. Makina a pamtunda akatalikirana ndi phiri amangomva zivomezi zikuluzikulu, tating'ono tija tochenjeza n'kuwadutsa. Masetilaiti nawo saona kupyola madzi akuya, ndipo mauthenga a wailesi ndi a GPS salowa m'nyanja. Chimene setilaiti imaona ndi zotsatira zake: madzi osintha mtundu kukhala obiriwira kapena achikasu, nthunzi, phulusa, chilumba chatsopano, kapena miyala yoyandama.

Inde, miyala yoyandama. Chiphalaphala chodzaza mpweya chikauma msanga chimakhala ndi timabowo tambirimbiri, chopepuka moti sichimira. Mu July 2012 phiri la Havre, kumpoto kwa New Zealand, linaphulika mwamphamvu pansi pa madzi popanda wozindikira. Miyala yake inaphimba nyanja malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 400, ndipo mwa oyamba kuiona anali munthu wina amene anangosuzumira pawindo la ndege ali paulendo. Akatswiri anachita kubwerera m'mbuyo, kufufuza zithunzi zakale za setilaiti, kuti apeze kumene inachokera. Mu August 2021 phiri la Fukutoku-Oka-no-Ba la ku Japan linachitanso chimodzimodzi, ndipo patatha miyezi iwiri miyala yake inadzaza madoko a ku Okinawa, maboti a asodzi osatha kutuluka chifukwa inkatseka injini.

Akuti phokoso limamveka kutali kwambiri m'madzi. N'zoona?

N'zoona. Phokoso limathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi m'madzi, kuposa kanayi liwiro lake mumpweya. Komanso m'nyanja muli gawo lina, pafupifupi kilomita imodzi kuchokera pamwamba, m'mene phokoso limayenda ngati lili mumpope, osamwazika, mpaka makilomita zikwizikwi. Akatswiri amapachika m'gawo limeneli zida zomvetsera zotchedwa hydrophone.

Zida zimenezi sizinayambe chifukwa cha mapiri. Asilikali apamadzi a ku America anazitchera pofuna kumva sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi, ndipo kuyambira 1991 analola akatswiri a NOAA, bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo, kumvetsera nawo. Mu 1993 akatswiriwo anamva kuphulika kukuchitika pa mtandadza wa Juan de Fuca, m'nyanja ya Pacific kumadzulo kwa America, anatumiza sitima, n'kukapezadi chiphalaphala chatsopano. Bungwe la CTBTO la ku Vienna, limene limalondera ngati dziko lina likuyesa bomba la nyukiliya mobisa, lili ndi malo 11 omvetserera za m'nyanja, ena mwa iwo ku Diego Garcia, Crozet ndi Cape Leeuwin m'nyanja ya Indian. Malo ochepa chotero amakwanitsa kumva nyanja zonse, ndipo pamodzi ndi kulira kwa anamgumi amajambulanso kuphulika kwa mapiri.

Kodi pali phiri limene amaliona nthawi yomweyo likamachita zinthu?

Lilipo, ndipo ndi limene latiphunzitsa zambiri. Dzina lake ndi Axial Seamount, makilomita pafupifupi 480 kuchokera kugombe la Oregon ku America, nsonga yake ili mamita 1,400 pansi pa madzi. Kuyambira 2014 phirili linalumikizidwa ndi mtunda kudzera pa chingwe chonyamula magetsi ndi mauthenga, chimene amachiyang'anira a University of Washington. Pachingwepo pali makina a zivomezi, zomvetsera, zoyezera kutentha, ngakhale kamera. Zonse zimene zidazi zamva zimafika pakompyuta nthawi yomweyo.

Chida chimene chimandichititsa chidwi kuposa zonse ndi chosavuta kumvetsa: chimangoyeza kulemera kwa madzi amene ali pamwamba pake. Magma akamadzaza m'mimba mwa phiri, phirilo limafufuma ngati mtanda wa mandasi. Likakwera, madzi a pamwamba pa chidacho amachepako, kulemera n'kutsika. Akachotsapo kusintha kobwera ndi kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja kwa tsiku ndi tsiku, chotsalacho ndi kupuma kwa phiri lenilenilo, masentimita angapo kapena makumi angapo pa chaka.

Axial linaphulika mu 1998, 2011 ndi 2015. Kuphulika kwa 2011 akatswiri anakudziwa patapita miyezi itatu. Anapita kukatenga zida zawo ndi loboti yoyenda pansi pa madzi, ndipo poyamba anaganiza kuti asochera, chifukwa malo amene ankawadziwa bwino anali atakwiririka ndi mwala watsopano wonyezimira. Koma pa 24 April 2015 chingwe chinali chikugwira ntchito. Tsiku limenelo kunachitika zivomezi pafupifupi 8,000, ndipo pakati pa phiri panatsika mamita oposa awiri, ngati tayala limene laphwa. Anthu anaonera zonsezi ali m'maofesi mwawo pamtunda.

Ndiye kuti angathe kuneneratu tsiku la kuphulika?

Tsiku ayi, koma pa phiri limodzi limeneli anayandikira ndithu. William Chadwick wa ku Oregon State University ndi Scott Nooner wa ku University of North Carolina Wilmington anazindikira kuti Axial limaphulika likafufuma kufika pafupifupi pamene linafika nthawi yapitayo. Mu September 2014 ananena poyera kuti liphulika m'chaka cha 2015, ndipo zinachitikadi.

Pofika kumapeto kwa 2024 phirili linali litafufumanso kufika pafupifupi muyezo wa 2015, ndipo ananeneratu kuti liphulika 2025 isanathe. Kenako kufufumako kunayamba kuchedwa, iwo n'kusunthira ulosi wawo ku 2026. Ine ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezi. Amalemba zimene akuyembekezera zinthu zisanachitike, poyera, kuti akalakwitsa aliyense aone pamene nzeru yawo yaperewera. Atha kutero momasuka chifukwa Axial silingavulaze munthu: lili kutali, lili kozama, ndipo chiphalaphala chake chimangoyenderera. Pa phiri limene lili pafupi ndi anthu, ulosi wolakwika umatanthauza kusamutsa mabanja pachabe, kapena kuwasiya pangozi.

Nanga ku Tonga chinalakwika n'chiyani?

Phiri la Hunga Tonga–Hunga Haʻapai lili makilomita pafupifupi 65 kumpoto kwa Nukuʻalofa, likulu la Tonga, dziko la zilumba la m'nyanja ya Pacific. Linayamba kutulutsa phulusa mu December 2021, ndipo anthu ankaliona ndi maso komanso pa setilaiti. Koma paphiri penipenipo panalibe makina a zivomezi, panalibe choyezera kufufuma. Palibe amene akanadziwa zimene zinkachitika m'mimba mwake.

Madzulo a pa 15 January 2022 linaphulika moti utsi wake unakwera makilomita 57. Kugunda kwake kunamveka mpaka ku Alaska, ndipo zoyezera mpweya m'maiko onse zinaonetsa funde la mpweya likuzungulira dziko kangapo. Mafunde akuluakulu otchedwa tsunami anasesa zilumba zing'onozing'ono. Pa chilumba cha Mango sipanatsale nyumba ndi imodzi yomwe. Anthu osachepera atatu anafa ku Tonga, ndipo ena awiri anamira ku Peru, kutsidya lina la nyanja ya Pacific. Chimene chinapulumutsa ambiri n'chakuti kunali kukadawala, kugundako kunali koopsa, ndipo anthu a ku Tonga anaphunzitsidwa kale kuti nyanja ikachita zachilendo athawire kumtunda osadikira kuuzidwa.

Pansi pa madzi, miyala ndi phulusa zinatsetsereka pa liwiro lofika makilomita 122 pa ola n'kudula chingwe cha intaneti cholumikiza Tonga ndi Fiji. Kwa milungu isanu dziko lonse linkangodalira mauthenga ochepa a setilaiti, achibale okhala ku New Zealand ndi Australia mitima ili m'mwamba. Sitima zitapita kukayeza, zinapeza kuti chigwa cha pakati pa phiri, chimene chinali chozama mamita pafupifupi 150, tsopano chafika mamita 850.

Apa m'pamene pamandiwawa. Phiri limene lili ndi zida zambiri kuposa onse ndi limene silingaphe munthu, pomwe limene lili pakhomo pa anthu osauka linalibe khutu ndi limodzi lomwe. Zida zochenjeza za tsunami nazo zinakonzedwa poganizira zivomezi zikuluzikulu, choncho mafunde obwera ndi phiri amatha kufika mosayembekezereka. Ku Indonesia, pa 22 December 2018, mbali ya phiri la Anak Krakatau inagumukira m'nyanja usiku, ndipo anthu oposa 400 anafa popanda chenjezo lililonse.

Kodi zimenezi zinachitikapo kufupi ndi kuno kwathu?

Zinachitika, ndipo si kale. Mayotte ndi chilumba cha pakati pa Mozambique ndi Madagascar, m'gulu la zilumba za Comoros, cholamulidwa ndi France. Pa 10 May 2018 nthaka inayamba kugwedezeka kumeneko, ndipo pa 15 May kunachitika chivomezi champhamvu pafupifupi 5.9. Zinapitirira kwa miyezi. Makoma anang'aluka, mabanja ena ankagona panja, ndipo panalibe wotha kuwauza chimene chinkachitika. Asodzi anayamba kupeza nsomba za kozama zikuyandama zitafa.

Pa 11 November 2018 kunachitika chinthu chachilendo. Kunjenjemera kwapansipansi, kumene palibe munthu anakumva m'thupi, kunayenda kwa mphindi zoposa 20 n'kujambulidwa ndi makina ku Zambia, Kenya, Chile, Canada mpaka Hawaii. Nthawi yomweyo zida za GPS za pachilumbacho zinkaonetsa kuti Mayotte akusendera kum'mawa komanso akutitimira. Pomaliza anasuntha masentimita oposa 20, ndipo malo ena anatsika pafupifupi masentimita 19. Kwa anthu okhala m'mphepete mwa nyanja, kutsika kotereku kumatanthauza madzi kulowa m'misewu nyanja ikadzaza.

Akatswiri a ku France anamiza makina a zivomezi kumayambiriro kwa 2019, ndipo mu May anapita ndi sitima ya Marion Dufresne, motsogozedwa ndi Nathalie Feuillet, kukawavuula ndi kujambula pansi pa nyanja pogwiritsa ntchito mawu obwerera. Makilomita 50 kum'mawa kwa chilumbacho, mamita pafupifupi 3,500 pansi pa madzi, anapeza phiri lalitali mamita oposa 800. Pamapu a malo omwewo a 2014 panalibe kanthu. Mukaganiza kuti pozama kwambiri pa nyanja ya Malawi ndi mamita pafupifupi 700, ndiye kuti phiri limeneli, limene linamera m'chaka chimodzi, mutaliimika pamenepo nsonga yake ikhoza kuonekera. Analitcha Fani Maoré. Chilumba chinkatitimira chifukwa magma amene anali pansi pake ankatulukira uko. Kuchokera pamenepo boma la France linakhazikitsa gulu lotchedwa REVOSIMA loti lizilondera derali usana ndi usiku.

Pansi pa nyanja ya Malawi pangaphulike phiri?

M'Malawi mulibe phiri lophulika limene lili lamoyo. Apafupi ali kumwera kwa Tanzania, chakumpoto kwa nyanjayi: Rungwe, Ngozi ndi Kyejo, limene linatulutsa chiphalaphala cha m'ma 1800. Chimene tili nacho ife ndi zivomezi, chifukwa nyanja yathu ili m'chigwa chimene nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono. A ku Salima amakumbukira cha pa 10 March 1989, a ku Karonga amakumbukira za mu December 2009. Akasupe otentha a ku Chiweta ndi ku Nkhotakota ndi madzi amene amalowa pansi kudzera m'ming'alu yomweyo n'kubwerako atatentha.

Zida zimene tafotokozazi zinafikapo kale m'nyanja yathu. Mu 2015, pa kafukufuku wotchedwa SEGMeNT, akatswiri a ku America mogwirizana ndi a nthambi ya Geological Survey ya Malawi ndi anzawo a ku Tanzania anamiza makina a zivomezi pansi pa chigawo chakumpoto cha nyanjayi, kuti aone ming'alu imene ili pansi pa madzi ndi mmene ikugwedezekera.

Kodi ntchito imeneyi ndi yoopsa kwa oichita?

Ikhoza kukhala yoopsa. Mu September 1952 sitima ya kafukufuku ya ku Japan, Kaiyo Maru No. 5, inapita kukaona phiri la Myojin-sho, ndipo phirilo linaphulika sitimayo ili pomwepo. Anthu onse 31 anathera pamenepo. N'chifukwa chake lero kumalo oopsa amatumizako maboti opanda munthu ndi maloboti. Ku Caribbean, phiri la Kick 'em Jenny, makilomita 8 kumpoto kwa Grenada, lili ndi malire oletsa maboti kuyandikira kupitirira kilomita imodzi ndi theka, ndipo zivomezi zikachuluka malirewo amawakulitsa kufika makilomita 5.

Bwanji osangoika zida pa mapiri onse oopsa?

Ndalama ndiye gwero. Sitima ya kafukufuku imadya madola zikwi makumi angapo pa tsiku limodzi, madzi amchere amadya zitsulo, ndipo chingwe ngati cha ku Axial maiko a zilumba sangachikwanitse paokha. Ngakhale mapu enieni a pansi pa nyanja sanathe: pofika 2025, gawo limene linali litajambulidwa bwino linangopitirira pang'ono limodzi mwa magawo anayi.

Chiyembekezo chili pa zingwe za intaneti zimene zinayalidwa kale pansi pa nyanja. Ife a kumtunda timazidziwa zikaduka, monga mu May 2024 pamene zingwe za EASSy ndi Seacom zinawonongeka, intaneti n'kuvuta m'Malawi, Tanzania, Mozambique ndi maiko oyandikana nawo. Akatswiri apeza kuti akatumiza kuwala kwa laser m'kaulusi kagalasi ka m'chingwemo n'kuyeza kuwala kobwerera, chingwe chonsecho chimasanduka khutu lalitali makilomita ambirimbiri, lomva kugwedezeka kulikonse. Njira ina ndi kuika zoyezera zivomezi, kutentha ndi kulemera kwa madzi m'zingwe zatsopano pozipanga. Chingwe cha Tam Tam, cholumikiza Vanuatu ndi New Caledonia, zilumba za m'nyanja ya Pacific, chinakonzedwa kuti chikhale chotero, ndipo France ili ndi dongosolo loyala chingwe chokhala ndi zida kum'mawa kwa Mayotte, kuti zimene zikuchitika pansi pa nyanja kumeneko zizifika pamtunda nthawi yomweyo m'malo modikira sitima.